Kachitsulo kodyedwa dala kuti injini ya boti ikhalitse

Dzuwa likamatuluka padoko la Senga Bay ku Salima, maso a aliyense amakhala pa usipa. Amayi a mabeseni amalowa m'madzi mpaka m'mawondo kuchingamira maboti, mavenda amalimbana pa mitengo, ndipo asodzi omwe achezera usiku wonse panyanja amangofuna tiyi ndi tulo. Injini imamasulidwa n'kunyamulidwa paphewa kupita kunyumba kwa mwini wake, madzi akudontha. Ndi ochepa amene amawerama n'kuyang'ana kunsi kwake, pamwamba pang'ono pa pulopela, pomwe pali kachitsulo kotuwa kooneka ngati chipsepse cha nsomba.

Kachitsuloka sikasangalatsa m'maso. Pakapita nthawi kamachita mabowomabowo ngati chimanga cholowa anankafumbwe, ndipo mwini injini wokonda ukhondo amaganiza kuti katha ntchito. Ena amakapaka penti kuti kawale. Ena kakathothoka amangosiya malo ake opanda kanthu, mwinanso kupita kwa wowotcherera zitsulo pamsika kuti awadulire kena kofanana nako. Onsewa amakhala atathamangitsa mlonda pakhomo osadziwa, chifukwa kachitsuloka adakapanga dala kuti kazidyeka m'malo mwa injini, yomwe pabanja la msodzi ndiyo munda, ndiyonso nkhokwe.

Pa Chingerezi amakatcha trim tab, ndipo ntchito yake yoyamba ndi yothandiza chiwongolero. Pulopela ikamazungulira imakokera boti mbali imodzi, moti woyendetsa amatopa mkono polimbana nalo. Kachipsepse kaja kamapatutsa madzi pang'ono kuti boti lizilunjika. Koma makampani opanga mainjini adaona kuti kachitsulo komweko kangasenzenso udindo wachiwiri, woteteza injini kuti isadyeke, n'chifukwa chake pa mainjini ambiri, makamaka okulirapo, kamapangidwa ndi zinc kapena aluminiyamu wosakaniza mwapadera. Mabuku a malangizo a mainjini a Yamaha, omwe ngodziwika m'madoko a nyanja ya Malawi, amaletseratu kukapaka penti. Mainjini ang'onoang'ono opanda kachipsepseka amakhala ndi kachidutswa kena ka ntchito yomweyi komangidwa ndi bawuti kumwendo kwa injini. Chitsulo chilichonse choikidwa kuti chidyeke motere amachitcha anode.

Dzina la trim tab limatchulidwanso pa zipangizo zina zokulirapo. Maboti ambiri aliwiro amakhala ndi timapiko tiwiri tachitsulo kumbuyo kwenikweni, tomangidwa pa mahinjesi pansi pa madzi. Woyendetsa akadina batani, kamkono ka magetsi kapena koyendera oilo kamakankhira kaphiko pansi, madzi n'kutukula matako a boti, mphuno n'kutsika. Ngati katundu kapena anthu alemerera mbali imodzi, kaphiko ka mbali yomweyo kamaliwongola. Mzika ina ya ku America, Charles Bennett, ndiyo idatchukitsa timapikoti cha m'ma 1960, ndipo kampani ya Bennett Marine ya ku Florida idakula ndi malonda amenewa. Vuto lake n'lakuti timapikoti sitinganyamulidwe paphewa ngati injini ya msodzi. Timakhala m'madzi usana ndi usiku, momwe adani awiri amatipeza: kudyeka kwa chitsulo, ndi zamoyo zomera pa chitsulocho.

Kuti munthu amvetse mdani woyamba, akumbukire mabatire akale a tochi ndi wailesi, aja ankatha n'kuyamba kutuluka madzi oipa. Chigoba cha mabatirewo chidali cha zinc, ndipo magetsi ankabwera chifukwa cha kudyeka kwa chigobacho. Zomwezi zimachitika kunsi kwa boti. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana zili m'madzi, zimasanduka batire. Timagetsi tochepa timayenda pakati pawo, ndipo chitsulo chofookerapo ndicho chimasungunuka pang'onopang'ono pomwe chinzake chikhala bwinobwino. Mwendo wa injini ndi wa aluminiyamu, koma mtanda wozunguza pulopela ndi mabawuti ena ndi a stainless steel. Pa awiriwa wofooka ndi aluminiyamu. Pakapanda chitsulo chachitatu chofookeratu choti chidyeke, mwendo wa injini ndiwo umachita zilonda zoyera, penti n'kumatukusira. Zilondazo zikazama mpaka madzi kulowa mu giyabokosi, injini ingathe kuima pakati pa nyanja, mwera uli pamutu. Nzeru yomweyi ndiyo ili pa malata ofolera nyumba: amawakuta ndi zinc kuti zinc ayambe kutha chitsulo cha m'kati chisadagwidwe dzimbiri.

Amalinyero adaphunzira izi movutikira. M'chaka cha 1761, asilikali a pamadzi a ku Britain adakuta kunsi kwa sitima yawo yamatabwa yotchedwa HMS Alarm ndi mapepala a mkuwa pofuna kuiteteza ku nyongolotsi zoboola matabwa komanso zomera za m'nyanja. Mkuwa udagwiradi ntchito. Koma sitimayo itabwerako ku West Indies, adapeza kuti mkuwawo wayamba kumasuka m'malo ambiri chifukwa misomali yachitsulo yomwe adakhomera idali itadyeka. Chodabwitsa chidali chakuti misomali ina idali yabwinobwino. Atafufuza adapeza kuti imeneyi idali ndi kapepala kansi kwa mutu wake. Mkuwa unkabwera wokulungidwa m'mapepala, ndipo amisiri ena ankangokhoma osachotsa. Kapepalako kadalekanitsa zitsulo ziwirizo, batire osapangika.

Patapita zaka zoposa 60, vuto lidali pa mkuwa weniweniwo, womwe madzi amchere ankaudya. Boma la Britain lidapempha katswiri wa sayansi Humphry Davy kuti apeze mankhwala ake. M'chaka cha 1824, mothandizidwa ndi Michael Faraday, Davy adaonetsa kuti kumangirira tizidutswa ta zinc kapena ta chitsulo wamba pa mkuwa kumaletsa mkuwawo kudyeka. Adayesera pa sitima zenizeni, kuphatikizapo HMS Samarang, ndipo zidatheka. Apa mpomwe padabadwira anode.

Chimwemwe chake sichidakhalitse. Sitima zotetezedwazo zidayamba kubwerera kudoko zitamera udzu ndi zigoba kunsi konse, zikuyenda mokwawa. Zidadziwika kuti chomwe chinkathamangitsa zamoyo za m'nyanja ndi mkuwa uja wosungunuka pang'onopang'ono, womwe kwa izo ndi poizoni. Davy ataletsa kusungunukako, adachotsanso poizoniyo. Akuluakulu a sitima za nkhondo adaona kuti kuli bwino mkuwa uzitha kusiyana ndi kukhala ndi sitima yolephera kuthamanga, ndipo njira ya Davy adaisiya. Mkangano wa mankhwala awiriwa sudathe mpaka lero, ndipo mwini boti aliyense amakumana nawo pa kachitsulo kake kakang'ono: mankhwala a zomera amatha kuitana dzimbiri, ndipo mankhwala a dzimbiri sathamangitsa zomera.

Kumene nkhondoyi ili yoopsa ndi ku nyanja yamchere, monga ku Beira, Nacala kapena Durban. Lita imodzi ya madzi a kumeneko imakhala ndi mchere wolemera magalamu pafupifupi 35, ndipo mchere umathandiza magetsi kuyenda, choncho batire lija limakhala lamphamvu. M'madzi momwemo muli tizilombo totchedwa barnacle, tachibale ndi nkhanu, tomwe tikadali tating'ono timasambira kufunafuna pokhala. Tikapeza chitsulo timadzimata ndi ulimbo wolimba ngati simenti n'kumanga chigoba, osachokanso moyo wonse. M'madzi ofunda, boti longokhala padoko masabata ochepa limakhala litagwidwa kale.

Timapiko tambiri ta maboti aliwiro timapangidwa ndi stainless steel, chitsulo cha masupuni ndi masinki, chomwe anthu amati sichichita dzimbiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chitsulochi chimatetezedwa ndi kakhungu kosaoneka ndi maso komwe kamapangika pamene chromium wa m'chitsulomo wakumana ndi mpweya wa okosijeni. Pamalo pomwe mpweyawu sufika, monga pansi pa chigoba cha barnacle, m'mphako ya hinjesi kapena kunsi kwa mutu wa bawuti, kakhunguko kamafa ndipo chitsulo chimaboka mwakachetechete, pamwamba chikuwalabe. Zigoba zikamera pa kamkono kokankha kaphiko, zimang'amba mphira wotchinga madzi nthawi iliyonse kamkonoko kakamalowa ndi kutuluka. N'chifukwa chake oyendetsa odziwa amakweza timapiko mpaka mapeto akafika padoko, kuti mbali yosalala ya kamkono ibisale m'chimake.

Eni maboti a kumeneko amalimbana ndi adani onse awiri pa kaphiko kamodzi, koma mowalekanitsa. Amakwecha chitsulo ndi sandipepa kuti penti agwire, n'kupaka kaye penti wapansi wa epoxy, yemwe amagwira ntchito ya kapepala ka pa HMS Alarm. Pamwamba pake mpomwe amapaka penti wothamangitsa zomera, yemwe nthawi zambiri amakhala ndi mkuwa. Pomaliza amamanga anode pamalo omwe asiya dala osapaka, kuti chitsulo chikhudzane ndi chitsulo. Wodumpha penti wapansi n'kupaka wamkuwa mwachindunji pa aluminiyamu amakhala wadzipangira yekha batire, ndipo chodyekacho ndi boti lake.

Nyanja ya Malawi ndi yachifundo poyerekeza. Ilibe barnacle, ndipo madzi ake opanda mchere sayendetsa magetsi kwambiri. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe sitima zachitsulo zimakhalitsira kuno. Ilala idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, idabwera m'zidutswa n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, idayamba maulendo mu 1951, ndipo mu 2021 idakwanitsa zaka 70 ili pamadzi. Chauncy Maples, yomwe idapangidwa ku Glasgow mu 1899 n'kuyamba kuyenda panyanjayi mu 1901, idadutsa zaka 100 chigoba chake chikuyandamabe. Komabe ngakhale sitima ngati Ilala yakhala ikukwezedwa pamalo okonzera sitima ku Monkey Bay kuti amisiri akweche ndi kupaka kunsi kwake.

Madzi opanda mchere ali ndi msampha wawowawo. M'madzi otere zinc amakutidwa ndi kachikhungu koyera kolimba, ndipo akatero amagona tulo. Mwini injini amasangalala kuti kachitsulo kake katha zaka zitatu osadyeka, pomwe zoona zake n'zakuti kadasiya kale kugwira ntchito. Anode yemwe sakutha ndi wokayikitsa kuposa yemwe akutha. Akatswiri amalangiza magnesium pa madzi opanda mchere chifukwa ndi wofooka kuposa zinc ndipo sagona msanga, pomwe aluminiyamu wopangidwira ntchitoyi amatha kuthandiza kumbali zonse. Wogula injini yakale yochokera kugombe la nyanja yamchere ayenera kufunsa makaniko kuti anode wake ndi wa mtundu wanji. Wopita ndi injini kumadzi amchere achite mosemphanitsa, chifukwa magnesium kumeneko amasungunuka msangamsanga.

Chomera cha kuno ndi ndere, zija zoterera zobiriwira zomwe nsomba za mbuna zimadya pamiyala ya ku Cape Maclear. Siziboola chitsulo ngati barnacle, koma zikakuta kunsi kwa boti zimalilemetsa paulendo, injini n'kumamwa petulo wambiri pa mtunda womwewo, ndipo zikakuta anode zimamutchinga ku madzi. Mankhwala ake ndi otchipa: kukokera boti pamchenga, kulikwecha ndi burashi kapena chiguduli cha saka, n'kulisiya liume padzuwa. Injini ikatsala paboti, kuipendeketsa kuti mwendo wake utuluke m'madzi kumathetsa theka la mavuto. Chizolowezi cha asodzi chonyamula injini kupita nayo kunyumba, chomwe ambiri amachita poopa akuba, chimaitetezanso ku ndere ndi dzimbiri. Choyenera kusamala nacho masiku ano ndi mawaya a batire la mababu okopera usipa. Waya wosendeka wogona m'madzi a m'boti angathe kutumiza magetsi kudzera m'zitsulo za injini, ndipo kudyeka kotere kumathamanga kuposa kwachilengedwe kuja.

Penti wapoizoni safunika kwenikweni pa boti lomwe limakokeredwa kumtunda kawirikawiri, ndipo mbiri yake ndi yochenjeza. Kuyambira m'ma 1960, sitima zambiri padziko zinkapakidwa penti wokhala ndi mankhwala otchedwa TBT, yemwe ankathamangitsa zomera modabwitsa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, alimi a nkhono zodyedwa za oyster ku Arcachon m'dziko la France adaona mbewu yawo ikufa ndipo zigoba zikupunduka. Chidapezeka kuti ndi TBT wochokera ku maboti. Dziko la France lidaletsa pentiyu pa maboti osafika mamita 25 mu 1982, ndipo bungwe la United Nations loona za maulendo a panyanja la IMO lidagwirizana zomuletsa mu 2001, pangano lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2008. Penti wamkuwa ngololedwabe m'maiko ambiri, koma zokwecha zake siziyenera kugwera pamchenga pomwe ana amasewera, amayi amatsuka mbale ndipo usipa umayanikidwa pafupi. Kuyala pepala lapulasitiki pansi pokwecha n'kosavuta.

Nthawi yosintha kachipsepse kaja imafika kakadyeka pafupifupi theka. Ngati kangokutidwa ndi zoyera, sandipepa amakadzutsa, koma burashi yawaya wachitsulo siyoyenera chifukwa imasiya tizitsulo take pamwamba. Pomwe kamakhudzana ndi injini pakhale poyera, popanda penti kapena girisi. Makaniko wosamala amayamba walemba kachizindikiro posonyeza momwe kakale kadapendekera asadamasule bawuti, kuti katsopano kakhale chimodzimodzi. Kenaka amaliyesa boti pamadzi. Likamakokera kumanzere, amapotolera mchira wa kachipsepse kumanzere pang'ono, likamakokera kumanja amaupotolera kumanja, n'kumanganso bawuti mpaka woyendetsa atamva kuti chiwongolero chapepuka m'dzanja.