Kuvulala Khosi pa Maseŵera Omenyana

Maseŵera a judo, amene Jigoro Kano anawayambitsa ku Japan m'chaka cha 1882, ali ndi mwambo wanzeru: wophunzira amayamba wadziŵa kugwa asanaphunzire kugwetsa mnzake. Amaphunzitsidwa kugunditsa chibwano pachifuwa kuti mutu usamenye pansi. Koma anyamata ambiri kumidzi amangotengera judo ndi karate za m'kanema popanda mphunzitsi, ndipo ena amagwera mutu navulala khosi.

Khosi lili ndi mafupa 7. M'kati mwa mafupawo mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, umene umayendetsa manja ndi miyendo. Fupa lothyoka likapsinja mtsemphawo, munthu angathe kufa ziŵalo moyo wake wonse. Tsono kuvulala khosi kuli mitundu iŵiri, ndipo chisamaliro chake nchosiyana.

Kuvulala koopsa

Zizindikiro zake ndi izi: kupweteka kwambiri pakati pa khosi kumbuyo, dzanzi m'manja kapena m'miyendo, kufooka kwa ziŵalo, kukomoka, ndiponso kulephera kugwira mkodzo. Wotere asadzutsidwe, ndipo wina asayese kumuwongola khosi. Munthu mmodzi agwire mutu ndi manja aŵiri kuti usagwedezeke. Ngati ambulansi palibe, anthu angapo amunyamulire pamodzi, mutu ndi thupi zili zowongoka, namugoneka pachitseko kapena pathabwa kufikira kuchipatala. Kumukweza panjinga kungathe kumupundula.

Kuvulala kwa minofu

Kaŵirikaŵiri chimene chimavulala ndi minofu yokha. Khosi limauma ndi kuŵaŵa potembenuka, koma manja ndi miyendo zimagwira ntchito bwino. A chipatala akatsimikiza kuti mafupa ali bwino, wovulalayo asamangogona. Kale odwala otere ankauzidwa kumanga khosi ndi kupumula nthaŵi yaitali, koma tsopano zadziŵika kuti khosi losayendetsedwa limachedwa kuchira.

Masiku 2 oyamba aziika pakhosi nsalu yonyika m'madzi ozizira, pambuyo pake ya madzi ofunda. Panado amachepetsa ululu. Tsiku ndi tsiku aziyenda, azigwira tintchito topepuka, ndipo azitembenuza mutu pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere, kuŵerama ndi kuŵeramuka, kulekeza pamene ululu wayamba kukula. Kusenza ndowa, nkhuni kapena thumba la chimanga kuyambe kwaima. Ambiri amachira pakapita masabata ochepa.

Kubwerera ku maseŵera

Mnyamata ayambe ndi kuthamanga ndi maseŵera olimbitsa thupi opanda kugwirana. Kugwetsana kudikire mpaka khosi lizitembenuka mbali zonse popanda ululu, ndiponso mphamvu m'manja onse aŵiri zibwerere. Dzanzi, chizungulire, litsipa lalikulu kapena kulephera kulankhula bwino zikayamba, ngakhale patapita masiku, apite kuchipatala msanga.

Makolo ndi aphunzitsi aonetsetse kuti ana akuseŵerera pofeŵa, pamaso pa munthu wodziŵa, ndi kuti aliyense wayamba waphunzira kugwa.