Kodi Mumadziwa? Sitima za Malasha Zomwe Zinakana Kufa

Kodi mumadziwa kuti njanji yoyamba padziko lonse kupulumutsidwa ndi anthu ongodzipereka, osalandira malipiro, ili ku Wales? Dzina lake ndi Talyllyn. Anaiyala mu 1865 kuti izitsitsa miyala yofolera nyumba kuchokera ku mgodi wa Bryn Eglwys kupita ku tawuni ya Tywyn, m'mbali mwa nyanja. Mgodiwo utatsekedwa, mwini njanji, Sir Henry Haydn Jones, ananenetsa kuti sitima iziyendabe iye ali moyo. Anamwalira mu 1950, ndipo aliyense ankadziwa chotsatira: kuzula njanji n'kugulitsa zitsulo. Koma gulu la anthu okonda sitima, motsogozedwa ndi mlembi wina, Tom Rolt, linapempha kuti liitenge. Pa 14 Meyi 1951 sitima yawo yoyamba inanyamuka. Njanji inali itamera udzu, mitengo yapansi pake itawola, ndipo mutu wa sitima womwe unkayenda unali umodzi wokha, Dolgoch, wopangidwa mu 1866. Mutu umenewo ukadalipo, ndipo amausonkhezabe moto.

Mmodzi mwa odzipereka oyambirira kumeneko anali m'busa wa Anglican, Wilbert Awdry, yemwe analemba nthano za ana za Thomas the Tank Engine. Tsiku lina ali kondakitala anapereka chizindikiro kuti sitima inyamuke, n'kusiya pa siteshoni mayi wogulitsa tiyi. Nkhaniyo anadzaiika m'buku lake.

Kodi mumadziwa kuti mitu yambiri ya sitima za malasha yomwe ikuyenda ku Britain lero inapulumutsidwa ndi munthu wogula zitsulo zakutha? Boma la kumeneko linaganiza zosamukira ku dizilo ndi magetsi, ndipo linachita mwaphuma kwambiri. Mutu wa malasha womaliza umene kampani ya boma ya British Railways inapanga, Evening Star, unatuluka m'fakitale ya Swindon mu 1960, koma pofika 1965 anali atauika kale padera. Zaka zisanu zokha, chinthu chomwe chikadagwira ntchito zaka makumi angapo! Pa 11 Ogasiti 1968 sitima ya malasha yomaliza yonyamula anthu inayenda pa njanji zikuluzikulu za boma. Mitu masauzande inadulidwa ndi moto wa gasi.

Ku doko la Barry, kum'mwera kwa Wales, Dai Woodham anagula mitu pafupifupi 300 kuti naye aidule. Koma ankagulanso mabogi akale a katundu, omwe anali osavuta kuphwasula ndipo ndalama yake inkabwera msanga. Anyamata ake anayamba ndi mabogiwo, mitu ija n'kumangodikira pamzere, ikuchita dzimbiri ndi mphepo yamchere ya kunyanja. Okonda sitima anapeza mpata wosonkha ndalama. Woyamba unatuluka mu 1968, womaliza mu 1990, ndipo onse pamodzi anakwana 213. Woodham sankabisa kuti iye anali pa bizinesi basi. Komabe anthu omwe ankabwera kudzagula mitu anawalezera mtima, ena kwa zaka, ndalama zisanakwane.

Umodzi mwa mitu ya ku Barry, Olton Hall, anadzaupenta kofiira n'kukhala sitima ya Hogwarts m'mafilimu a Harry Potter.

Wina, Duke of Gloucester, unafika ku Barry utachotsedwa masilinda awiri akunja. Anthu ankaseka kuti ofuna kuukonza akulota. Anaugula mu 1974 ndipo unadzayendanso mu 1986. Chodabwitsa n'chakuti pa nthawi ya boma mutuwu unkadziwika ndi mbiri yoipa: kudya malasha ambiri, nthunzi yochepa. Pokonzapo, amisiri anapeza kuti chumuni chake chinali chopanikiza ndipo mipata yolowetsa mpweya pansi pa moto inali yaing'ono. Atakonza zimenezo, mutuwo unayamba kukoka kuposa mmene unkachitira uli watsopano.

Kodi mumadziwa kuti chimene chimaimitsa sitima ya malasha si magudumu kapena pisitoni, koma boyila? Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Boyila ndi thanki yaitali yodzaza madzi, yomwe m'kati mwake mumadutsa mapaipi ambirimbiri. Kumbuyo kwake kuli ng'anjo, yomwe pa mitu yambiri ya ku Britain ndi ya mkuwa, ndipo yazingidwa ndi madzi m'mbali ndi pamwamba. Moto umatentha makoma a ng'anjoyo, utsi wotentha n'kudutsa m'mapaipi muja kupita kuchumuni. Nthunzi ikaunjikana imakankha mwamphamvu zedi. Pa mitu ikuluikulu mphamvuyo imaposa mpweya wa m'tayala la galimoto maulendo 7 kapena 8. Chimene chimagwira makoma a ng'anjo kuti asapindike ndi timizati tachitsulo kapena tamkuwa, mazanamazana, tomangirira khoma lam'kati ndi lakunja. Kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku kumatithyola kamodzikamodzi. Woyendera boyila amalowa m'ng'anjo moto utazima, n'kumatigogoda ndi hamala yaing'ono. Kothyoka kamalira mosiyana ndi kabwino, ndipo khutu la mmisiri limamva.

Ku Britain chiphaso cha boyila sichipitirira zaka 10. Zikakwana, ngakhale mutu ukuoneka wonyezimira bwanji, amauimitsa, kunyamula boyila ndi kireni, kusolola mapaipi onse ndi kuunika chitsulo. Akamaliza kukonza amaidzaza madzi ozizira n'kuipopa kupitirira mphamvu imene imagwirira ntchito. Amayamba ndi madzi chifukwa madzi sapanikizika. Pakakhala pofooka pamangodontha, pomwe nthunzi ikanaphulitsa chilichonse. Ndiye mukamva kuti mutu wakuti "wakonzedwa", dziwani kuti zaka zake zayamba kale kuwerengedwa. Pa njanji zambiri zosungidwa ndi okonda sitima, mitu yomwe ili pamzere kudikira ndalama ya boyila imachuluka kuposa yomwe ikuyenda.

Nanga mumadziwa kuti padenga la ng'anjo pali timapulagi tokhala ndi mtovu pakati? Madzi akatsika mpaka denga lija kuuma, mtovuwo umasungunuka, nthunzi n'kuthovokera pamoto ndi phokoso. Sizimitsa moto wonse ayi. Ntchito yake n'kuchenjeza kuti thirani madzi ndipo chotsani moto msanga denga lisanagwe. Pakati pa oyendetsa sitima, kusungunula pulagi ndi manyazi aakulu, ndipo n'chifukwa chake diso la wosonkheza moto silichoka pa kagalasi kosonyeza pamene madzi afika.

Madziwo amalowa bwanji m'thanki yomwe ikukankhira kunja? Mfalansa wina, Henri Giffard, anapeza njira mu 1858. Kachipangizo kake kamatenga nthunzi ya m'boyila momwemo, kuiwombetsa ndi madzi ozizira m'timapaipi tosongoka, ndipo madziwo amathamanga mpaka kudzikankhira okha m'kati. Mulibe pampu, mulibe chozungulira. Akatswiri ena a nthawi imeneyo poyamba sanakhulupirire kuti zingatheke.

Kodi mumadziwa kuti sitima yonyamuka 10 koloko m'mawa moto wake amauyatsa dzulo lake? Mkuwa ndi chitsulo sizifutukuka mofanana, ndiye mukazitenthetsa mwaliwiro mumang'amba boyila. Amayamba ndi kamoto kakang'ono ka nsanza zonyika m'mafuta ndi nkhuni, kuti madzi afunde usiku wonse. Kusanache wina amabwera kudzawonjezera malasha pang'onopang'ono. Woyendetsa amazungulira ndi kachitini ka oyilo, kuthira malo aliwonse okhulana, ena mpaka kulowa m'dzenje pansi pa mutuwo. Madzulo ntchito ndi yakuda: kukokolola phulusa, kuswa zotsalira za malasha zomwe zaundana pa zitsulo zapansi pa moto, ndi kufosholola mwaye kutsogolo, kunsi kwa chumuni. Pakapita masiku amatsukanso m'kati mwa boyila, chifukwa madzi amasiya matope ndi miyala yomata.

Ndipo palibe amene amangofikira kuyendetsa. Mwambo wakale ukadalipo: umayamba ndi kupukuta, kenako kusonkheza moto, ndiye pakatha zaka ndi mayeso n'kukhala dalaivala. Dokotala kapena loya akadzipereka, naye amayambira pa nsanza. Kusonkheza moto nakonso si kungoponya malasha. Fosholo iliyonse ili ndi malo ake, m'makona ndi m'mbali, kuti pasakhale bowo lolowetsa mpweya wozizira. Utsi wakuda bii, womwe ojambula zithunzi amaukonda, kwa mmisiri ndi chizindikiro chakuti malasha akungowonongeka.

Ntchito yonseyi, sitima n'kumayenda pa liwiro losaposa makilomita 40 pa ola, malire a njanji zambiri zosungidwa ku Britain. Pomwe mutu wotchedwa Mallard, pa 3 Julayi 1938, unafika makilomita 203 pa ola, ndipo mpaka lero palibe sitima ya malasha yaposa pamenepo.

Kodi mumadziwa kuti mutu wotchuka kwambiri, Flying Scotsman, wopangidwa ku Doncaster mu 1923, wakhala ukumaliza chuma cha eni ake? Alan Pegler anaugula mu 1963 pa mapaundi 3,000, n'kupita nawo ku America mu 1969. Ulendowo unamugwetsa mu ngongole, ndipo mutuwo unatsala ku California mpaka William McAlpine anauwombola mu 1973. Nyumba yosungiramo zakale za njanji ya ku York inaugula mu 2004. Kuukonza kunatenga zaka 10 ndi mapaundi oposa 4 miliyoni, ndipo unabwerera pa njanji mu 2016. Yerekezani ndi Tornado, mutu watsopano womwe anthu osonkherana anaupanga kuyambira pa pepala ku Darlington n'kuumaliza mu 2008: unadya mapaundi pafupifupi 3 miliyoni. Kupanga watsopano kunatchipa kuposa kukonza wakale. Boyila ya Tornado anakaipangitsa ku Meiningen, ku Germany.

Kodi mumadziwa kuti mitu ina yomwe ikukwera mapiri a ku Wales lero inagwirapo ntchito ku South Africa? Ndi ya mtundu wa Garratt: boyila pakati, injini imodzi kutsogolo pansi pa thanki ya madzi, ina kumbuyo pansi pa malasha. Mpangidwe umenewu umapinda bwino m'makona ndipo sulemetsa njanji yopepuka, n'chifukwa chake unafala kwambiri mu Africa. Njanji ya Welsh Highland, ya makilomita 40 kuchokera ku Caernarfon kukafika ku Porthmadog, inagula ingapo kuchokera ku njanji zopapatiza za ku South Africa. Umodzi mwa iyo, nambala 143 wa 1958, ndi Garratt womaliza amene kampani ya Beyer Peacock ya ku Manchester inapanga.

Ku Zimbabwe ma Garratt anakhalitsa pa chifukwa china, osati chikondi cha zakale. Dizilo ankafuna ndalama zakunja pomwe malasha anali pafupi, ku Hwange. Choncho chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 mitu yambiri inakonzedwanso ku Bulawayo, ina n'kupatsidwa mayina a Chindebele. Kuno kwathu, kumene njanji inafika ku Blantyre mu 1908, mungaone mutu wa malasha utaima panja pa nyumba yosungiramo zakale ku Chichiri, koma umenewo ndi wongoonera.

Vuto lalikulu panopa ku Britain ndi malasha enieniwo. Mgodi wa Ffos-y-fran pafupi ndi Merthyr Tydfil, womwe unkapereka malasha abwino osafuka utsi wambiri, unatsekedwa mu Novembala 2023. Njanji zosungidwa tsopano zimaitanitsa malasha kunja pa mtengo wokwera, ndipo zina zakhala zikuyesa timibulu topangidwa ndi fumbi la malasha losakaniza ndi zotsalira za zipatso za olivi. Nyengo yotentha ikauma kwambiri pamabweranso vuto lina: nthethe zochokera kuchumuni zimayatsa tchire, ndipo njanji zina zimaimitsa kaye mitu ya malasha n'kukokera alendo ndi dizilo mpaka mvula itagwa.