DZIMBIRI PA KACITSULO KOTSEGULIRA THANKI YA GALIMOTO

Alimi anzanga, masiku ano ena a inu muli ndi galimoto pamudzi, ndipo ena munasonkherana kugula imodzi yonyamulira zokolola kunka nazo kumsika. Tsono mverani za kanthu kakang'ono kamene kakhoza kuimitsa ulendo waukuru.

Mwezi wathawu mlimi wina wa m'dera langa anapakira madengu a matimati, napita kukamwetsa petulo. Atafika pa pampu anakoka kacitsulo kotsegulira kacitseko ka pa thanki, koma sikanasunthe. Anakokanso ndi mphamvu, waya wace n'kuduka. Pamene makaniko anafika, dzuwa linali litapendeka, msika utatha, matimati atayamba kufewa.

M'galimoto zambiri zocokera ku Japan kacitsuloka kali pansi, pambali pa mpando wa woyendetsa. Kucokera pamenepo pali waya woyenda m'kati mwa kapaipi, monga wa mabuleki a njinga, ndipo umafika kumbuyo pa kamphini kogwira kacitseko. Mukakoka kacitsulo, waya akoka kamphini, ndipo kasipiringi kakankha kacitseko kuti katseguke.

Nanga dzimbiri licokera kuti? Pansipo ndi pamene mupondapo ndi nsapato zamatope nthawi ya dzinja, ndipo madzi amakhalitsa kunsi kwa kapeti. Cinanso ndico feteleza. Urea ndi CAN amakoka cinyezi, ndipo timibulu tace tikatayikira m'galimoto timadya citsulo monga mcere udyera khasu.

Mukaona kuti kacitsulo kayamba kulimba, musakakamize. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Citani izi:

Coyamba, cotsani kapeti, sesani dothi lonse, ndi kusiya zitseko zotsegula kuti pansi paume.

Caciwiri, palani dzimbiri ndi bulashi ya waya kapena sandipepala, makamaka pa msomali pamene kacitsulo kazungulirapo.

Cacitatu, donthezani palafini pang'ono pa msomaliwo ndi pamene waya alowera m'kapaipi. Amene muli ndi mafuta opopera a m'citini, onga WD-40, ndiwo abwino koposa. Dikirani mphindi 15, ndipo muyambe kugwedeza kacitsulo pang'onopang'ono, kukweza ndi kutsitsa. Kakakana, thiraninso mafuta, kagone usiku umodzi.

Cacinai, kakamasuka pukutani ndi kansanza, ndi kupaka girisi kapena madontho a oilo wa injini. Palafini amasula dzimbiri, koma sakhalitsa. Coletsa dzimbiri kubwerera ndiye girisi.

Cacisanu, pitani kumbuyo. Tsukani kamphini ndi mahinjesi a kacitseko, pakuti pamenepo pamamatirira pfumbi, ndipo mupakepo girisi pang'ono.

Nthawi zina kacitsulo kamakokeka bwino koma kacitseko osatseguka. Pamenepo bvuto liri pa kasipiringi, kamene kafooka kapena kagwa. Uzani mnzanu akoke kacitsulo, inu mukukweza kacitseko ndi zala. Koma ngati kacitsulo kangopepuka osagwira kanthu, ndiye kuti waya wacoka m'malo mwace kapena waduka. Tsegulani buti, cotsani cophimba ca m'mbali kumene kuli thanki, pezani kamphini, ndi kukakokera m'kati. Mukatero mukagule waya wina, womangamanga sakhalitsa.

Cenjerani ndi zinthu ziwiri. Musatsegule kacitseko ndi cikwanje kapena mpeni, cifukwa mudzathyola kamphini ndi kukanda penti, ndipo dzimbiri lidzalowa pomwepo. Ndiponso musayese kuocha citsulo cadzimbiri ndi moto monga mucitira ndi mabauti a ngolo. Mpweya wa petulo umayaka msanga, ngakhale ndi kamoto ka fodya kapena koloboyi. Nchito iyi igwireni masana, pabwalo, injini itazima, ana ali kutali.

Potsiriza, kumbukirani kuti kupewa kuposa kuciza. Ponyamula feteleza yalani pepala lapulasitiki pansi, ndipo musese mukangotsitsa matumba. Mvula yoyamba isanagwe, pamene mulikunola makasu ndi kuthira mafuta njinga, thiraninso madontho awiri pa kacitsulo aka. Ndipo tsiku loti mawa mupita kumsika, kakokeni muli pakhomo, muone ngati kacitseko katseguka. Mukatero simudzataya thukuta la caka conse cifukwa ca kacitsulo kosaposa cala canu.