Ulimi wa chamba ndi msonkho ku Malawi

Chamba ndi chomera chimene anthu akhala akulima mobisa ku Malawi kwa zaka zambiri. Nkhotakota ndi limodzi mwa maboma odziwika ndi chamba champhamvu chimene kunja amachitcha Malawi Gold. Kuyambira mu 2020 lamulo limalola kulima chamba, koma kwa okhawo amene ali ndi chiphaso. Kudzala chamba pakhomo popanda chiphaso, ngakhale mitengo iwiri yokha, ukadali mlandu.

Zimene lamulo limanena

Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act. Lamuloli limalola kulima, kukonza, kugulitsa ndi kutumiza kunja chamba cha mitundu iwiri: chopangira mankhwala, ndi cha m'mafakitale chimene amapangira zingwe, nsalu ndi mafuta. Linakhazikitsanso bungwe la Cannabis Regulatory Authority, lomwe limapereka ziphaso. Wapampando wake woyamba anali Boniface Kadzamira, amene mu 2015, ali phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, anapempha aphungu anzake kuti ulimiwu uloledwe. Mu 2024 aphungu anavomerezanso bilu ya Peter Dimba yofuna kuti chamba chamakolo cha m'dziko muno chizilimidwa ndi chiphaso. Kusuta chamba n'koletsedwabe, ndipo wopezeka nacho popanda chilolezo amazengedwa mlandu potsatira lamulo la Dangerous Drugs Act.

Mmene boma limapezera ndalama

Ndalama zimalowa m'thumba la boma kudzera m'njira ziwiri: malipiro a ziphaso, ndi msonkho umene bungwe la Malawi Revenue Authority limatolera kwa makampani ndi antchito awo. Mitengo imene inalengezedwa mu 2020 inali madola 10,000 a ku America pa chiphaso cholimira chamba chamankhwala, ndi madola 2,000 pa cha m'mafakitale. Boma linkayembekeza kuti chamba chithandize pa nthawi imene anthu osuta fodya akuchepa m'mayiko ambiri, popeza fodya ndiye amabweretsa ndalama zambiri zakunja.

Msonkho umatheka pamene malonda akuoneka. Fodya amadutsa ku okushoni ya Kanengo, Chinkhoma, Limbe kapena Mzuzu, kumene amamuyeza n'kumulemba m'mabuku. Chamba chobisa chimagulidwa pamanja, popanda lisiti, ndiye boma silipezapo kanthu. M'malo mwake limawononga ndalama pa apolisi, makhoti ndi ndende.

Ku Ngala ndi madera oyandikana nawo

Ngala ndi malo a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, kumpoto kwa Dwangwa, pa msewu wa M5. Anthu ambiri kumeneko amadalira usodzi wa usipa ndi ulimi wa chinangwa ndi mpunga, ndipo ena amagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Dwangwa. Chamba cha ku Nkhotakota chimalimidwa kwambiri kumapiri a kumtunda, kufupi ndi malire a Mzimba, ndipo chimatsikira pa msewu wa M5, pamene apolisi a ku Nkhunga amagwira matumba ake kawirikawiri.

Kwa mlimi wamng'ono wa m'dera lotere, mtengo wa chiphaso ndi wosafikirika. Njira imene ilipo ndi kulowa m'kopaletivi n'kusonkherana ndalama, komabe pamafunikanso mbewu yovomerezeka, munda wotetezedwa ndi wogula wodalirika. Choncho ambiri mwa amene amaudziwa bwino ulimiwu akadali kunja kwa lamulo, ndipo malonda awo salowa m'mabuku a msonkho.

M'mayiko ena

Ku South Africa khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kulima ndi kusuta chamba kwawo mosaonetsera. Kugulitsa chamba chosuta sikunaloledwe, ndiye ulimi wapakhomowo subweretsa msonkho. Uruguay mu 2013 inalola mitengo 6 pa nyumba, ndipo Canada mu 2018 inalola mitengo 4 pamodzi ndi masitolo olipira msonkho. Dera la Washington ku America linalola masitolo koma silinalole kulima pakhomo chamba chongosuta.

Amene amatsutsa ulimi wapakhomo amati umachepetsa ogula m'masitolo, umavuta kulondoloza ndipo umafikitsa chamba kwa ana. Amene amauvomereza amati umachotsa makasitomala kwa ogulitsa mobisa ndiponso umachepetsa anthu omangidwa pa milandu ing'onoing'ono. Ku Malawi mtsutso waukulu uli pa mtengo wa chiphaso, chifukwa ndi umene umasiyanitsa mlimi wolipira msonkho ndi mlimi wothawa apolisi.