Mwana akati akufuna kulemba masewero a pa TV

Mayi wina wa ku Area 47 adandiimitsa tsiku lina pafupi ndi msika waukulu ku Old Town, nkhope ili yakugwa. Adati mwana wawo wamkazi, yemwe wakhoza bwino Fomu 4, wakana za unamwino. Akufuna azilemba ndi kukonza masewero a pa wailesi ya kanema.

"Bambo ake sakumuyankhula, lero ndi tsiku lachitatu. Akuti fizi yonse ija tidangotaya m'madzi," adatero mayiwo.

Ndidawafunsa ngati akumukumbukira Manganya. Adaseka.

TVM itatsegulidwa mu 1999, mabanja ambiri ankasonkhana pabalaza, ena mpaka kwa aneba, kuonera Tikuferanji. Mwini Manganya, a Michael Usi, sankangosewera chabe, ankatsogoleranso seweroli. Nkhani za Edzi, zomwe makolo ankachita nazo manyazi, zidalowa m'nyumba kudzera m'nthabwala zake. Mu 2020 adakhala nduna, ndipo mu June 2024 adalumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, udindo womwe adausiya mu 2025.

Komatu musathamangire kunena kuti zisudzo zimafikitsa munthu ku Capital Hill. Ayi ndithu. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti a Usi kwa zaka zambiri ankagwira ntchito kubungwe la ADRA, ndipo sukulu sadaisiye mpaka adatenga PhD ku Bedfordshire, ku England.

Apa ndiye pagona nkhani. Kuno kwathu wolemba sewero salemera ndi luso lokha. Kamera, mafuta a galimoto, chakudya cha osewera, nthawi ya pa wailesi, zonsezi n'zolipira. Kawirikawiri amalipira ndi mabungwe kapena makampani, ndiye mkonzi amathera nsapato m'maofesi a ku City Centre, pulopozo ili m'manja. Thandizo likatha, pulogalamu nayo imazima. Mwana amene sadziwa kulemba bajeti ndi kalata yomveka adzalira, ngakhale atakhala woseketsa chotani.

Tsono ndidawauza mayiwo kuti asamutsekere chitseko, komanso asamugulire kamera. Ayambe walemba sewero limodzi la mphindi khumi, alijambule pafoni ndi anzake, alimalize. Ambiri amagwera pomalizapo. Akatero, akambirane za kozi ya utolankhani kapena zisudzo, pepala likhalepo.

Za bambowo, ndidati asawakakamize. Angowaitana tsiku loonera sewerolo, awapatse mpando wakutsogolo.