Kampata Kakang'ono Kosunga Injini

Alimi anzanga a m'kooperativa, nyengo yokolola njinga yamoto siipuma. Imasenza chimanga ndi nandolo kuchokera m'tsinde mwa phiri la Tumbine kupita kumsika wa Milange. Imathamangitsa wodwala kuchipatala. Ikafa nthawi imeneyi, wogula amakupezani pakhomo n'kutchula yekha mtengo.

Injini za njinga zathu zambiri zili ndi mavalavu awiri. Valavu ndi kachitseko. Ina imalowetsa petulo ndi mpweya, inzake imatulutsa utsi. Pamwamba pa valavu iliyonse pali kadzanja kachitsulo koikankha. Pakati pa kadzanjako ndi valavu pamayenera kutsala kampata, chifukwa chitsulo chikatentha chimatalika.

Kampatako kakakula, injini imagogoda ndipo mphamvu imachepa. Kakachepa ndiye zoopsa zedi. Valavu siitsekeka bwino, moto umaidya m'mbali, ndipo m'mawa njinga imavuta kulira. Ena amamanga kwambiri kuti phokoso lithe. Kumeneko n'kupha injini mwakachetechete.

Kampataka sayeza ndi maso. Pali timasamba tachitsulo totchedwa fila geji, ndipo kalikonse kali ndi nambala yake. Honda CG125, imene inayamba kupangidwa mu 1975, imafuna mamilimita 0.08, pafupifupi ngati pepala limodzi la kope lanu. Injini zambiri zochokera ku China zinatengera mapangidwe ake, komabe onani nambala m'buku la njinga yanu. Apa m'pamene sukulu yathu ikugwira ntchito. Werengani bwino: 0.8 ndi wamkulu kakhumi kuposa 0.08.

Chitani chonchi.

1. Yambani m'mawa, injini ili yozizira. Pukutani fumbi, kenaka tsegulani chivundikiro cha mavalavu.

2. Kumanzere kwa injini tsegulani poonera zilembo. Zungulitsani injini ndi sipanala mpaka chilembo T chilunjike pa kamzere. Musasokoneze T ndi F.

3. Gwedezani timanja tiwiri tija. Ngati tonse tikugwedezeka pang'ono, mwakhoza. Ngati n'tolimba, zungulitsaninso kamodzi kufikira T abwerenso.

4. Masulani nati. Lowetsani kasamba ka muyeso wake pakampata paja. Potozani sikuluwu pang'onopang'ono mpaka kasambako kazikoka pang'ono potuluka, osati kukanirira.

5. Gwirani sikuluwu isasunthe, mangani nati. Yezaninso, chifukwa pomanga kampata kamatha kusintha. Teroninso pa valavu inayo, ndipo tsekani zonse.

Fila geji imodzi ikwanira kooperativa yonse. Aisunge mlembi, yopakidwa oyilo kuti isachite dzimbiri. Tiyeze mavalavu m'mwezi wa Marichi, chimanga chisanaume, ndiponso tisanayambe kututa nandolo. Woyamba kumene ayeze pamaso pa makaniko. Akatha, alembe yekha tsiku ndi nambala m'buku la kooperativa.