Usiku Umodzi ndi Alonda a Nyenyezi

Kwa Kanduku, m'boma la Mwanza, miyezi ya June ndi July ndi ya manachesi ndi chisanu. Kumwamba kumayera, ndipo mwezi ukakhala kulibe Mlalang'amba umaoneka ngati ufa wotayika panjira. M'boma lomwelo muli chipata chimene abale athu ambiri amatulukira popita ku Joni. Koma ndi angati mwa ife amene tikudziwa kuti ku South Africa komweko kuli anthu olembedwa ntchito yoyang'ana thambo limeneli usiku wonse?

Malowo ndi Sutherland, dera louma ndi lozizira kwambiri, mtunda woposa makilomita 300 kuchokera ku Cape Town. Pa chitunda chakumeneko pali telesikopu yotchedwa SALT, imene pulezidenti wa nthawiyo, a Thabo Mbeki, anaitsegulira mu November 2005. Diso lake ndi magalasi 91 olumikizana ngati zisa za njuchi, lililonse lotambalala mita imodzi, ndipo onse pamodzi amafika pafupifupi mamita 11. Ntchito ya diso lalikulu chotere ndi kusonkhanitsa kuwala kofooka, monga momwe denga lalikulu limakololera madzi ambiri a mvula kuposa kambale.

Inu a kunyanja ntchito imeneyi muimvetsa msanga. Msodzi wa usipa amadziwa kuti mwezi ukawala kwambiri nyali zake zilibe mphamvu, ndipo chilimira chimabwera chopepuka. Akatswiri a zakuthambo nawonso amawerenga masiku a mwezi. Masiku a mdima amawasungira zinthu zosaoneka bwino zakutali zedi, pomwe masiku owala amapimira nyenyezi zowala. N'chifukwa chake telesikopuyi anaimanga kutali ndi mizinda, ndipo mu 2007 boma la dzikolo linakhazikitsa lamulo loteteza malo otere ku zinthu zosokoneza, kuphatikizapo kuwala kwa magetsi.

Kukonzekera kumayamba masana. M'nyumba ya telesikopu amaziziritsamo kuti mpweya wamkati ufanane ndi wa usiku, chifukwa mpweya wofunda umanjenjemeretsa zithunzi ngati mmene msewu wa tala umachitira mu October. Nthawi ya Magharibi ikakwana amatsegula denga, n'kuonetsetsa kuti magalasi onse 91 alunjika pamodzi. Mdima weniweni amauwerenga dzuwa likatsika madigiri 18 kunsi kwa chizimezime, ndipo umatha likafikanso pa muyeso womwewo m'bandakucha. Muyeso umenewu ndi womwe makalendala ambiri amagwiritsa ntchito powerengera nthawi ya Fajr.

Mwina tingaganize kuti katswiri amaika diso pa kabowo. Ayi ndithu. Anthu awiri, woyendetsa makina ndi katswiri wa nyenyezi, amakhala m'chipinda china patsogolo pa makompyuta. Ofufuza a m'maiko osiyanasiyana amatumiziratu zopempha zawo, ndipo awiriwa amasankha choyenera malinga ndi mmene kumwamba kulili. Telesikopuyi siweramuka kapena kuwerama. Inapendekeka pa madigiri 37 ndipo imangozungulira, choncho nyenyezi iliyonse ili ndi nthawi yake yochepa yodutsa pamaso pake. Ukachedwa, yapita. Mphepo ikakula kapena chinyezi chikachuluka amatseka denga n'kudikira, monga msodzi amakokera bwato kumtunda mwera ukavuta.

Kuwala kukagwidwa, makina amakugawa m'mitundu ngati utawaleza. M'mitundumo mumakhala timizere tosonyeza zimene nyenyeziyo inapangidwa nazo, kutentha kwake, ndiponso ngati ikubwera kapena ikuthawa. Mu August 2017 uthenga unamveka kuti nyenyezi ziwiri zolemera koopsa zawombana. SALT inali m'gulu la matelesikopu oyamba kupima kuwala kwake, kumene kunali kutayenda zaka pafupifupi 130 miliyoni. Kafukufuku wa kuwombanaku anasonyeza kuti zitsulo zolemera monga golide zimabadwira m'ngozi zoterezi.

Maphunziro amenewa si achilendo kwa ife. Maina a nyenyezi monga Aldebaran, Altair ndi Rigel anachokera ku Chiarabu. Cha m'ma 964 Abd al-Rahman al-Sufi analemba za kamtambo kena kosasuntha, kamene lero tikudziwa kuti ndi khamu la nyenyezi la Andromeda. Iye analibe telesikopu, anali ndi maso ndi mdima basi. Agogo athu nawonso anatchula Nsangwe, Nthanda ndi Akamwiniatsatana.

Mdima umene anzathu amautetezera ndi lamulo, ife kwa Kanduku, ku Makanjira ndi ku Nkhotakota tili nawo ulele. Makolo, mu November kapena December, tsiku lopanda mwezi ndi mitambo, tizimitse nyali titatha Isha ndipo tituluke ndi ana, atsikana ndi anyamata omwe. Tiyang'ane kummwera. Tidzaona timitambo tiwiri toyera tosauluzika ndi mphepo. Kakakuluko kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 160,000, ndipo SALT imakapima kawirikawiri. Mwana akafunsa kuti anadziwa bwanji, tisamukalipire. Timuuze kuti yankho lili m'masamu ndi sayansi, ndipo m'mawa tionetsetse kuti wapita kusukulu.